Bakuli limene sindinatsuke

Ntchito ya ku Doha anandipezera ndi mlamu wanga, yemwe ndi gadi pa hotelo ina yaikulu. Kukhitchini ankafuna wothandiza kumbali ya makeke ndi zotsekemera, ndipo ine ndinali nditaphikako masikono ku Limbe. Ndinkaopa kutentha ndi Chiarabu. Bakuli sindinaliganizireko n'komwe.

Shefu wathu anali mzungu wa ku Scotland, wonyadira kwambiri chakudya cha kwawo chotchedwa kranakani. Umakazinga maoti, mbewu yonga tirigu, pachiwaya mpaka afiirire, umamenya kirimu n'kuthiramo uchi ndi wisiki, kenako umayala m'matambula: kirimu pansi, tizipatso tofiira ta rasipiberi, maoti, kirimu kachiwiri. Kuno mowa si nkhani yamasewera. Hotelo ili ndi chilolezo, koma alendo ambiri ndi Asilamu, choncho tinkakonza mitundu iwiri. Ya wisiki tinkaikapo kachipatso pamwamba, yopanda wisiki tsamba la minti. "Mabakuli awiri, nthawi zonse," ankatero Shefu.

Tsiku lovutalo kunali nkhomaliro ya ukwati. Makina otsukira mbale anafa, mabakuli onse ali mbwee musinki, Shefu akungokuwa pa Chiarabu kuti yala, yala, kutanthauza kuti fulumirani. Ndinatenga bakuli lomwe ndinamenyeramo kirimu wa wisiki, kulipala ndi supuni, n'kuthiramo kirimu watsopano. Mumtima ndinati kadontho sikapha munthu. Ndinayala matambula, n'kuikapo minti.

Kenako analowa a Yusufu, weita wachikulire wa ku Mangochi. Iwowa ndi amene anandionetsa pokwerera basi nditangofika, ndipo tsiku lililonse ankandifunsa ngati ndadya. Zotsala thireyi ikadzaza tinkaloledwa kudya, ndiye anatola tambula yotsala.

"Achemwali, ya mintiyi ndi yabwinobwino?"

"Ndi yabwinobwino," ndinatero, maso ali pansi.

Anati Bisimillah, n'kudya masupuni atatu ndikuwaona. Ndinachita manyazi. Thireyi inali isanatuluke, ndipo ndinadziwa kuti ikatuluka ndanamiza holo yonse. Ndinali ndidakali pa miyezi yoyesedwa, moti kuulula kukanatha kundikweza ndege yobwerera kumudzi. Ndinaululabe.

Shefu anataya zonse m'bini. Tinayambanso, alendo anadikira, ine ndinasayina kalata ya chenjezo. Ntchito sinandithere.

A Yusufu anamva zonse ataima pakhomo. Sanakalipe. Anapita kusinki, anachukucha m'kamwa katatu, napukuta ndevu zawo.

"Komatu ndinakufunsani," anatero.

Ndinapepesa, iwo anati zatha. Mpaka lero bakuli la wisiki ndimalimata tepi yofiira, ndipo ngakhale Shefu akuwe bwanji, ndimatsuka kaye. Ndinaphunzira kuti munthu akakufunsa zimene zili m'chakudya, wakupatsa pakamwa pake kuti umusungire.

A Yusufu amandipatsabe moni m'mawa uliwonse. Tambula ya minti ikatsala ndimawasunthira pafupi, iwo amati zikomo, ndadya kale.