Tsiku limene ndinadya repu yaiwisi

Chaka cha chilala chija, chimanga chitapsa chisanamasule, ife azimayi a kutchalitchi tinatsegula dimba pafupi ndi mtsinje wa Luangwa. Amuna angapo anatithandiza kutchinga ndi minga. Tinabzala repu, mpiru, tomato ndi therere, ndipo tinapangana kuti ndiwozo si zogulitsa, koma zizipita kwa okalamba, odwala ndi nyumba zimene moto sunkayaka. Popeza ndinali ndi njinga, ntchito yokapereka inagwera ine.

Nyumba ina inali ya msodzi amene makolo ake anachokera kutsidya, ku Zumbo. Mvuu inagubuduza bwato lake n'kumuthyola mwendo, ndiye ankayendera ndodo, pamadzi osapitanso. Anali ndi mkazi ndi kamtsikana kamodzi. Munthuyo kulandira kunkamuchititsa manyazi. Ndikafika ankayang'ana kumbali, mkazi wake ndiye ankalandira mtolo n'kuwomba m'manja.

Nsabwe zitachuluka m'masamba, mnzathu wina anapopera mankhwala m'mabedi a kumunsi, n'kutichenjeza kuti tisathyoleko mpaka sabata itatha. M'sabata yomweyo ndinathyola repu kumtunda n'kukapereka kwa msodzi uja.

M'mawa mwake tikuthirira, mayi wina wochokera kumsika anaima pampanda.

"Mwamva? Kamwana ka asodzi aja kakusanza, kakutsekula m'mimba, maso alowa mkati. Amake athamanga nako ku chipatala ku Katondwe. Anthu akukamba kuti ni repu yanu yopopera."

Baketi inandipulumuka m'manja. Ndinayang'ana mabedi aja, onse obiriwira mofanana. Ndinkadziwa kuti ndinathyola kumtunda, koma ndikamayesa kukumbukira bwino, malowo ankasuntha m'mutu mwanga. Kodi sindinatsikeko pang'ono kuti mtolo ukwane? Mnzathu amene anapopera uja anati, "Ine ndinakuuzani," n'kunyamula khasu lake kupita.

Dzuwa lili pamutu tinamva ndodo ikugunda pansi. Anali msodzi uja, akukoka mwendo, thukuta lili kamukamu. Kumbuyo kwake kunali anthu, ena achibale, ena ongofuna kuona. M'dzanja lina anagwira masamba ofota, otsala pa mtolo uja. Sanakuwe. Akanakuwa bwenzi nditapezako mpweya.

"Amai," anatero, "ine sindinakupempheni ndiwo. Munabwera nokha. Manje ndiuzeni, munaikamo chiyani?"

"Atate, palibe chimene ndinaikamo."

Mwamuna wina kumbuyo anati, "Mwana akapita, dimba ili tiliwotcha, ndipo mudzatiuza bwino." Ndinaona anzanga awiri akubwerera m'mbuyo pang'onopang'ono mpaka kumpanda. Sindiwaimba mlandu, nawonso anali ndi ana.

Msodziyo anatambasula dzanja. "Ngati ni yabwino, idyani."

Kukana kunali kuvomera mlandu, koma mtima wanga sunali wotsimikiza ngati mmene pakamwa panalili. Ndinalandira masambawo. Anali ofunda, a fumbi, akununkha utsi wa m'khichini. Ndinatafuna loyamba, lowawa, malovu atauma moti linakana kutsika. Ndinameza, n'kutenga lina, mpaka onse anatha. Iye anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anatembenuka. Anthu aja anamutsatira akung'ung'udza.

Ndinafika kunyumba ndikukankha njinga, kupalasa kutandikanika. Ndinakhala pakhonde kumvetsera m'mimba mwanga. Kakangolira pang'ono, ndinkati kwayamba. Mwamuna wanga anafuna kunditengera ku kiliniki, ndinakana, chifukwa anthu akanandiona ndikupita akanati repu yandigwira. Anandipatsa madzi, ndinamwa. Ndinaitana mwana wanga wamkulu n'kumuonetsa pamene ndimasunga makhadi a sikelo a azing'ono ake, iye osamvetsa chifukwa chake.

Sindinadwale. Koma zimenezo sizinathetse nkhani. Ena anati ndinamweratu mankhwala, ena anati ndine wokhwima. Kuchigayo azimayi ankasiya kukamba ndikafika. Nkhalamba ina imene ndinkaipatsa mpiru inandiona ndikubwera n'kutseka chitseko. Masamba anakula mpaka kukhwima m'dimba, anthu akugona ndi njala pafupi pomwepo. Njinga iliyonse yochokera njira ya ku Katondwe inkandiimitsa mtima. Ndikamva mayi akuitana mwana mokweza, ndinkayesa maliro ayamba. Ndinkapemphera kuti kamwanako kachire, ndipo sindinkadziwa ngati ndikupempherera iko kapena ndekha.

Kenako ana ena anayamba kudwala chimodzimodzi, m'nyumba zimene sizinalandirepo ndiwo zathu. Anthu a zaumoyo anabwera kuchokera ku boma, anayendera zitsime, n'kutseka chitsime chosazama cha kuseri kwa msika kumene banja la msodzi linkatunga. Anagawa klorini n'kutiuza kuti tiziwiritsa madzi. Ndinamva nkhaniyo ndili m'dimba. Ndinangokhala pansi pakati pa mabedi. Chimwemwe panalibe, chifukwa mwa ana odwalawo mmodzi sanabwerere.

Kamtsikana ka msodzi kanachira. Kanabwera katawonda, khosi ngati la nkhuku, koma kakuyenda kokha. Atate ake sanandipepese, inenso sindinayembekezere. Tikakumana panjira amandipatsa moni, ine n'kuyankha, basi.

Patapita masabata, mkazi wake anandipeza pamjigo. Anatula chigubu n'kuima pambali panga, akukonza duku.

"Amai, mwauka bwanji? Kodi tomato uja wapsa?"

Ndinasiya kupopa mjigo.

"Wapsa," ndinatero. "Koma bwerani mudzathyole nokha. Ine kunyamula sindingathenso."

Anabwera Loweruka ndi beseni lake, anathyola, ndipo asanapite anatenga baketi n'kuthirira bedi limodzi. Kuyambira pamenepo amene ali ndi miyendo amadzathyola yekha, ndipo za okalamba amanyamula anzanga, awiriawiri. Ine ndimalima ndi kuthirira chabe.