Miyezi isanu bambo asananyamule mdzukulu

Bambo anga anayamba kutsokomola chaka chimene ndinali ndi pakati. Tonse tinanamizira kuzizira kwa Mzuzu, poti munthu wobadwira ku Mangochi sazolowera mvula yamawawa ya kuno, ngakhale atagulitsa nsalu mu Zolozolo zaka makumi atatu. Kuchipatala anayeza makhololo kawiri osapeza kanthu, koma chithunzi cha m'chifuwa sichinawasangalatse, ndiye anawayambitsa mankhwala a TB.

Ine ndine munthu wa malamulo, ndipo pamenepo ndinachita kunyanya. Anamwino anati pakatha masabata ochepa munthu akumwa mankhwala palibenso choopsa. Koma ine ndinkamva chifuwacho chikulira ngati wenzulo, ndiye ndinakana. Ndinawasamutsira bambo kuchipinda chakuseri. Mwana atabadwa, bambo anabwera atavala mkanjo woyera kuti amunong'oneze kukhutu azana, mawu a Chisilamu oitanira ku mapemphero, monga anatichitira tonsefe titabadwa. Ndinawaimitsa pakhomo. Mdzukulu wawo anamuonera pawindo.

Sanadandaule. Bola akanandikalipira.

Miyezi isanu inatha, mapiritsi akumwedwa, munthu akungouma. Ndinatopa ndi mabenchi a kuchipatala, ndinatopa ndi maminibasi, ndinatopa ndi kuyankha anthu kuti akupezako bwino. Tsiku lina dokotala wachitsikana anawamvetsera pamsana nthawi yaitali, nati mbali yakumanja mpweya sukulowa. Anatitumiza ku sikani, makina ojambula m'kati mwa thupi. Kenako anawalowetsa kapaipi ka kamera m'mphuno, n'kutapa kanyama kokayeza. Tinadikiranso masabata atatu.

Sinali TB. Chinali chotupa cha khansa, chitatseka njira ya mpweya yopita kuphapo lakumanja. Dokotala anajambula papepala mmene chakhalira, nafotokoza za ulendo wa ku Lilongwe wokalandira chithandizo. Ine mutu unali utaima. Bambo anadikira kuti amalize, nafunsa chinthu chimodzi chokha.

"Kodi zimenezi zimapatsirana?"

"Yayi, adada. Olo pang'ono."

"Chiyambire?"

"Chiyambire."

Bambo sanandiyang'ane. Titafika kunyumba anasamba m'manja, nakhala pampando wa pabalaza, natambasula mikono. Ndinawapatsa mwana. Iye anayang'ana ndevuzo ndi nkhope yoondayo, n'kuyamba kulira mokuwa, akupotoloka kundifuna ine. Bambo anayesa kumutonthoza ndi kanyimbo ka Chiyao, koma mpweya unawathera pakati. Ndinalakalaka pansi patatseguka.

Anandibwezera mwanayo pang'onopang'ono.

"Mtenge, mama. Akuopa mlendo."