Bolo Yoyera Imene Tinapita Nayo ku Itepela

Phewa langa mpaka lero limaikumbuka mbale ija yachitsulo, ndithu. Mazira anayi, zoyera zokhazokha, ine ndili pamphasa kumenya ndi foloko, mayi ali pamtondo kusinja shuga kuti asanduke ufa, kenako kusefa pakansalu ka kapulana, chitenje chakale. Masiku ano pafoni ndimaona anthu akungodina makina, thovu n'kudzuka lokha. Ife ayi. Umamenya mpaka ukatembenuza mbale thovu osagwa, ndiye mayi n'kumathira shuga pang'onopang'ono, kufinyiramo ndimu, kanyumba konse kununkhira ngati muli ukwati.

Koma munalibe ukwati. Tinali titangobwera kuchokera ku Malawi, tikukhala m'kachisakasa ku Mandimba, opanda munda. Bambo tinawasiya m'manda kumsasa wa othawa nkhondo. Munda wathu wa ku Itepela, uja wa mitengo ya mango, ankalima azakhali, mlongo wawo wa bambo, amene sanathawe. Mvula inali pafupi, mbewu ili m'thumba. Ndiye mayi anati munthu sukapempha chimanjamanja. Luso lawo linali bolo, keke ija yophika mumphika, makala pansi makala pamwamba, analiphunzira kumsasa konko. Shuga yense amene anasunga ulendo wonse anathera pa zopaka pamwambazo. Tinasalaza ndi mpeni wonyowa, bolo n'kuyera mbee, ine mtima kudumphadumpha kuti azakhali akangoona, munda tatenga basi.

Tinakwera lole, bolo ili pamiyendo panga, yovundikira ndi beseni chifukwa cha fumbi. Lole ikaima ankatiletsa kupatukira kutchire ngakhale kukataya madzi, kuopa mabomba okwiriridwa.

Azakhali anatiyalira mphasa. Anali owonda, khosi kuoneka mitsempha. Mayi anagwada, anavundukula beseni, ana onse kuunjikana. Msuweni wanga wamng'ono ndiye anafunsa ngati zoyerazo ndi mchere. Azakhali anakhudza ndi chala, analawa, anayang'ana mayi nthawi yaitali.

"Alamu, kumeneko ndiye munkadya zimenezi? Ife kuno ndiwo tinkathira madzi a phulusa. Ana anga awiri ali pansi pa mango mukuwafunawo. Bwenzi mutangobwera ndi mchere."

Mayi nkhani ya munda sanaiyambe n'komwe. Anangodula bolo ija, kugawira ana. Tinabwerera tsiku lomwelo, beseni lili lopanda kanthu, ndipo chaka chimenecho mayi analima maganyu m'minda ya eni, mbewu ina tinakazinga n'kudya.

Ndakhala ndikuiganiza nkhaniyi, eeh, kambirimbiri. Mayi sankadzionetsera, kumsasa tinkagona ndi njala ifenso, shuga ameneyo ankachita kumubisa ngakhale kwa ine. Anapereka chinthu chabwino chokhacho chimene anali nacho. Koma azakhali analakwa pati? Munthu amene wakwirira ana, iwe n'kumubweretsera zotsekemera zochokera kumene unathawira? Akulu amati mutu ukakula sulewa nkhonya, koma apa panalibe wamkulu, onse anali ovulala, aliyense akuganiza kuti mnzake ndiye anapulumuka.

Munda sunabwerere. Awiriwo sanayenderanenso mpaka azakhali anamwalira, ine nditakula kale. Kumaliroko anthu ankanyamula ufa, ena nkhuni. Mayi anasenza thumba lathunthu la mchere, anakana kuti ndiwalandire, anakalitula okha pakhomo paja.