Uvuni Umene Unandilanda Amayi

Shawelo yachikasu ija ndikadali nayo mpaka lero. Ili pansi pa sutikesi, ndipo mbali imodzi ili ndi banga la dothi lofiira limene lakana sopo wamtundu uliwonse. Amayi anailuka chaka chimene ndinali mu sitandade yachitatu. Ankaluka atakhala pakhonde, mimba ili patsogolo, ulusi atauika m'kambale kuti usagubuduzike pafumbi. Ine ndinaikhumbira kuyambira mzere woyamba. Kwathu, kumtunda kwa Msakambewa, mphepo ya mwezi wa Juni imalowa mpaka m'mafupa, ndipo ndinkadziona kale nditaifunda popita kusukulu, anzanga akundiyang'ana cham'mbali. Nditaipempha, amayi anayankha osadzutsa n'komwe mutu: "Si yako iyi. Ndi ya mlendo amene akubwera."

Ndinali mwana mmodzi yekha m'nyumba imeneyo kuyambira kubadwa kwanga. Mwendo wa nkhuku unali wanga, miyendo ya amayi inali mpando wanga. Choncho mlendoyo ndinadana naye asanafike.

Koma sanafike. Chimanga chitangolowa m'nkhokwe, amayi anapita kuchipatala cha mishoni ndipo anabwerako opanda mimba, opandanso mwana kumsana. M'mawa mwake ndinaona azimayi akuluakulu akudutsa kuseri kwa nyumba kulowera kudambo, mmodzi atanyamula khasu, wina kanthu kokulungidwa m'chitenje chakale. Panjira sanaike masamba monga amachitira pakagwa maliro. Panalibe nyimbo. Amuna anapita kumadimba monga tsiku lina lililonse. Chimene ndinamva ndi mawu a mayi wina wachikulire m'chipinda, akunong'ona koma molamula: "Musalire. Zoterezi salira." Ndipo amayi sanalire.

Ine ndiye ndinali nditawerengera kale. Ndinati basi, amayi abwerera kwa mwini wake, ndipo shawelo ilibenso wina woyembekezera. Mwana wazaka zimenezo mtima wake umakhala wolunjika moopsa.

Sizinatero ayi. Amayi ankakhala pakhonde tsiku lonse akuyang'ana mapiri a ku Ntchisi, manja ali pamiyendo. Ankaphika, ankasesa, koma ukawalankhula ankayankha mochedwa ngati mawu ako achokera kutsidya la mtsinje. Ndiye tsiku lina, tikudya mbatata yootcha, anangoti kwa abambo, "Ndikufuna uvuni." Anati anauonapo ku Malomo, kwa mayi wina wophika masikono, uvuni wadothi wozungulira pamwamba. Abambo, munthu wa mawu ochepa, anangopita kukachotsa mitengo m'chigafa. Fodya anali atapita kale kumsika, ndipo m'chigafamo munali mthunzi ndi fungo lokhalokha.

Amalume, mlongo wawo wa amayi, anabwera panjinga kuchokera ku Malomo kudzayala maziko. Iwo ntchito yawo inali youmba ndi kuotcha njerwa, ndipo ankalankhula mokweza ngati aliyense ali patali. "Za dothi ndi moto mundifunse ine," ankatero, akudziguguda pachifuwa. Anayala njerwa kufika m'chiuno mwanga, anadya, anakwera njinga yawo. Zotsalazo amayi anati achita okha.

Dothi tinakakumba pachulu cha kumunda, mchenga tinakatapa kumtsinje, ndipo udzu wouma amayi anaudula tizidutswa ndi chikwanje. Tsiku loponda dothi ndi lokhalo limene ndimalikumbukira mokondwa m'nyengo yonseyo. Tinaponda awiriwiri, zitenje titakwinya mpaka m'maondo, matope ozizira akutuluka pakati pa zala, udzu ukubaya. Nditaterereka amayi anandigwira pamkono, ndipo anaseka pang'ono. Ndinaganiza kuti uvuniwo ndi wa ife awiri.

Ha, ndinadzinamiza! Pa tsiku loumba anaunjika mchenga wonyowa pamwamba pa njerwa zija, kuusalaza mpaka unaoneka ngati dzungu lalikulu, kenako anayamba kumata dothi pamwamba pake, chibuma ndi chibuma, kuchokera pansi. Nditatenga changa kuti ndimateko, anandigwira dzanja. "Iwe manja ako ndi aphuma. Ungauvulaze." Kuuvulaza! Mulu wa matope! Ndinakhala pamtondo wogwetsa ndikuwayang'ana akuusisita ndi zikhatho zonyowa, akuukulungiza ndi kamwala kosalala ka kumtsinje, mutu ataupendeketsa. Kusisita kumeneko ndinkakudziwa bwino. Umo ndi mmene ankandisisitira pamsana ndikadwala malungo.

Kuumba kunatha msanga. Chimene chinandizunza ndi kuumitsa.

Amayi ankati dothi likauma mofulumira limauma kunja kokha, m'kati madzi ali momwemo, ndipo likadzakumana ndi moto limang'ambika. Choncho uvuniwo sunkayenera kuona dzuwa kapena kuombedwa ndi mphepo. Mbali ya chigafa yochokera mwera anaitchinga ndi mphasa, mphasa yake imene ine ndinkakhalapo pothyola masamba a nkhwani. Masana ankaufunditsa masaka onyowa. M'mawa uliwonse, asanakoleze ngakhale moto wa phala langa, ankapita kuchigafa, kuvundukula masaka, n'kuyendetsa chala paliponse kufunafuna timing'alu. Akapeza kamodzi, kochepa ngati tsitsi, ankasungunula dothi m'chigoba cha chipanda n'kukatseka mofatsa. Nthawi zina ndinkawamva akung'ung'udza kanyimbo.

Pamenepo n'kuti mapazi anga atang'ambika zikang'a chifukwa cha chisanu, mpaka kutuluka magazi. Ndinkadutsa dala pamaso pawo ndikutsimphina. Ndinkakhala pafupi ndi chigafa n'kutambasula miyendo kuti zidendene ziwayang'ane. Tsiku lina ndinanena ndithu kuti, "Amayi, inenso ndang'ambika." Anati, "Mafuta ali pawindo, kadzole." Sanatembenuke. Mpaka lero, ngakhale ndine mayi wa ana akuluakulu ndipo zonse ndikuzimvetsa, mawu amenewo akandibwerera pamtima pamachita kuti thi.

Kusukulu nakonso kunalibe mpumulo. Aphunzitsi athu, mayi wamtali wovala magalasi, ankandiimitsa pakhomo la kalasi pafupifupi tsiku lililonse. Ankayang'ana tsitsi langa losapesa ndi miyendo yanga yotuwa mbuu, ndipo ine ndinkayembekezera kuti afunse za ine. Koma iwo ankangoti, "Amayi ali bwanji kunyumba?" Ndinkayankha kuti ali bwino, akuumitsa uvuni. Aphunzitsiwo ankagwedeza mutu n'kuti, "Asiye aumitse." Anthu onse anali mbali ya uvuni.

Kenako kunabwera masiku a chisanu choopsa, aja oti udzu wa kudambo umayera m'mawa ndipo madzi a mumtsuko amaluma mano. Madzulo ena, dzuwa likulowa, ndinaona amayi akutuluka m'nyumba ndi shawelo ija. Ndinaimirira, mapewa nditawakonza kale. Iwo anandidutsa, analowa m'chigafa, anachotsa masaka, n'kuyala shaweloyo pamwamba pa uvuni. Anaikokera mbali iyi ndi iyo, kupinda nsonga zake pansi kuti mphepo isalowe. Anati masaka ndi okhakhala, akukanda dothi.

Usiku umenewo ndinalephera kudya chifukwa cha nsanje. Ndinkaufunira zoipa uvuni umenewo. Ndinkalakalaka mbuzi itaukwera, kapena nsanamira ya chigafa itaugwera. Popemphera tisanagone, abambo akati aliyense anene za mumtima mwake, ine ndinkangoti zii, chifukwa zimene zinali mumtima mwangamo sizinali zouza Mulungu.

Masabata anapita. Dothi linasintha kuchoka pa kuda kufika pa kufiira kotuwa. Amayi anafukula mchenga wa m'kati pang'onopang'ono ndi chipande, ndipo uvuni unaima wokha, kukamwa kuli yasa. Abambo anadula chitseko kuchokera ku mgolo wakale. Koma amayi ankagogoda ndi chala, kuika khutu, n'kunena kuti, "Sunakhwime." Anati nthawi ikakwana adzayamba ndi timakala tochepa pa phale, mawa lake kuonjezera pang'ono, mpaka dothi litazolowera kutentha.

Lachinayi lina azimayi a kumpingo anabwera kudzawatenga kuti apite nawo kumapemphero. Kanali koyamba amayi kupita pagulu la anthu chibwerere kuchipatala. Anapita monyinyirika, atandiuza kuti nkhuku zisalowe m'chigafa. Atangopita, amalume anatulukira panjinga yawo. Anazungulira uvuni, anaumenya ndi chikhatho, n'kuseka. "Uwu unauma kalekale! Mlongo wanga akungodzizunza, tsiku lonse kulondera matope ngati alibe mwana woti amusamale." Mawu amenewo anandikomera kuposa shuga. Pomaliza panapezeka munthu wamkulu woona zimene ine ndinkaona.

Amalume sankafuna zoipa. Ankafuna kuti mlongo wawo akabwera apeze uvuni wapsa, ayambe kuphika, aiwale. Anavundukula shawelo, anaikung'untha, n'kundiponyera. "Funda iwe, ukunjenjemera." Ndinaifunda. Inali yofewa monga ndinkaganizira, ikununkha dothi ndi fodya. Ndinazungulira nayo bwalo lonse, ndinakadziyang'ana m'madzi a mu ndowa. Pamenepo amalume anali akulonga zitsononkho ndi nkhuni za bulugamu m'uvunimo mmene amalongera pa njerwa zawo, kudzaza mpaka kukamwa. Moto unalilima. Nthunzi inayamba kutuluka pamsana pa uvuni, ndipo amalume anati ndiye kupsa kwake kumeneko.

Kenako tinamva kuti thu! Phokoso lake silinali lalikulu. Mng'alu unatsika kuchokera pamwamba mpaka pakhomo, wotakata moti dzanja langa likanalowa, ndipo chibuma china chinagwera m'moto. Amalume anathira madzi, zimene zinangoonjezera. Anaima pamenepo chipewa chili m'manja.

Amayi anafika dzuwa litapendeka, ali ndi anzawo awiri. Anayang'ana utsi, anayang'ana uvuni, kenako anandiyang'ana ine ndili chiimire ndi shawelo m'mapewa. Ndinayembekezera mbama. Koma iwo anayenda mpaka m'chigafa, anagwada m'matope a phulusa, anaika manja onse awiri pa dothi lotenthalo. Ndipo analira.

Sikunali kulira kwa munthu amene katundu wake wawonongeka. Kunali kulira kwa maliro, kuja kochokera m'mimba, kokoka mawu, kumene kumamveka mpaka kutsidya la dambo. "Mayo ine! Mayo ine, ndinasamala ine!" Nkhuku zinathawa.

Zimene zinatsatira ndi zimene zinandidabwitsa kwambiri. Ndinkaganiza kuti anthu abwera kudzawaseka, kapena kudzawauza kuti dothi likadalipo pachulu. Koma azimayi anayamba kufika mmodzimmodzi, zitenje atafunda kumutu, osapereka moni. Ankalowa m'chigafa n'kukhala pansi, miyendo atatambasula. Mayi wachikulire uja amene anati zoterezi salira anabwera nayenso, anakhala pafupi ndi amayi, anawagwira m'chiuno, ndipo ulendo uno sanawaletse. Aphunzitsi anafika ndi choko chikadali m'manja, anavula magalasi. Wina anayambitsa nyimbo ya kutchalitchi chapansipansi. Abambo ndi amalume anakhala pansi pa mtengo wa mango pamodzi ndi amuna ena, mitu ili pansi, ndipo ndinaona mapewa a abambo akugwedezeka.

Ine ndinaima pakona ya nkhokwe, mkwiyo uli tho. Mudzi wonse kusonkhana chifukwa cha uvuni! Ine chaka chapitacho ndinagwa mumtengo wa gwafa n'kuthyoka dzanja, ndipo anabwera kudzandiona anali anthu owerengeka.

Kulira kutayamba kuchepa, amayi anadzutsa mutu n'kundifunafuna ndi maso. Anatambasula dzanja. Ndinapita mokayika, ndikuganiza kuti akufuna kundilanda shawelo. Anandikokera pamiyendo pawo, msinkhu wonse umene ndinali nawo, n'kundikulunga bwinobwino m'shawelomo, kupinda nsonga zake pansi pa mapazi anga. Manja awo anali a matope, ndipo banga lija linalowa tsiku limenelo. Anagwira chidendene changa, anayendetsa chala pa zikang'a, n'kuti, "Mwana wanga, mapazi afika potere liti?" Anayambanso kulira, nkhope ataibisa m'khosi mwanga, akundigwedeza uku ndi uku.

Uvuniwo anadzaumata pambuyo pake, ndipo unaphika masikono zaka zambiri ndi chipsera chake. Koma madzulo amenewo, ndili pamiyendo imene ndinaimenyera nkhondo nyengo yonse yachisanu, ndinafuna kutsimikiza kuti ndapambana. Ndinafunsa, "Amayi, mukulira uvuni?" Amayi anati, "Eya, uvuni."

Ndinakhulupirira, ndipo ndinaona kuti akuluakulu ndi anthu opanda nzeru. Sindinkadziwa kuti m'chigafamo munali azimayi angapo amene nawonso anaperekezapo kanthu kokulungidwa m'chitenje kupita kudambo, n'kubwerako maso ali ouma chifukwa anauzidwa kuti zoterezi salira. Uvuni wokha palibe amene anaikapo lamulo. Ine ndinangokhala phee m'shawelo ya mng'ono wanga, ndikumva kutentha, ndikusangalala kuti tsopano ndi yanga.