Kanjira ka M'kati mwa Waya

Lusaka anafika kwathu mwakachetechete, ndi timiyala ta simenti. Ndinapunthwa pa koyamba m'mphepete mwa munda popita kukathyola chibwabwa, kali ndi kachitsulo pakati ngati diso. Anati ndi bikoni, chizindikiro cha malire. Chaka chisanathe, kumbali ya njira ya ku Kasisi kumene tinkalima chimanga kunamera makoma aatali kuposa munthu, mageti akuda, nyumba za mawindo aakulu opanda makatani. Eni ake sitiwaona. Ukamadutsa masana, dzuwa lili pamutu, kulibe nkhuku, kulibe mwana wolira, umangomva mapazi ako akubwerera kuchokera kukhoma.

Ine munthu wonyamula pepala sindimukhulupirira. Atate anga atachoka kum'mawa anapatsidwa malo ano ndi pakamwa, ndipo chilichonse chimene tataya kuyambira pamenepo chinapita ndi pepala.

Ndiye kunabwera mtsikana wa ku ofesi yojambula mapulani a tauni, wovala kamalaya kachikasu kowala. Anasonkhanitsa anthu nanena kuti kubwera msewu wa phula, koma asanaujambule afuna kulemba zinthu zakale zosayenera kugwetsedwa. Amuna anamutenga namuonetsa manda. Anamuonetsanso dibi, mosambitsira ng'ombe mmene anamanga mzungu wina wa famu ndili kamtsikana. Ndi dzenje chabe la njerwa zootcha, louma, lodzaza abuluzi, koma iye anazisisita njerwazo nazijambula mbali zonse.

Kenaka anafika pakhomo panga, poti amene tinaona dibilo likugwira ntchito tatsala ochepa.

"Ambuya, kuli malo ena amene muziwa? Amene simufuna kuti giledala yopala msewu ipitepo?"

"Kulibe."

"Ganizani bwino, ambuya."

"Ninaganiza kudala iwe usanabadwe. Kulibe."

Malo analipo. Kumunsi kwa dibi, pamene nthaka imakhala yonyowa ngakhale nthawi ya dzuwa loopsa, pali mkuyu. Pansi pake ndi pamene akazi a mudzi uno tinkaika mitayo, ana obadwa atafa kale. Mwana wotere sapita kumanda, saliridwa, sapatsidwa dzina. Amuna sapondako, ngakhale atate wake sauzidwa malo. Amayi aakulu amakumba kadzenje kosafika ndi m'bondo momwe, pakuti amati ukakumba mwakuya, mimba ya amake imatseka. Amavundikirapo phale nabwerera osacheuka. Wanga woyamba ali pamenepo. Sindinapite nawo, ndinali gone pamphasa, koma apongozi anga anandinong'oneza kamodzi kokha kuti ali pamene mizu iwiri ikuluikulu yakumana. Ndinabereka asanu pambuyo pake, ndiye ndidziwa kuti anakumba bwino.

Zoterezi ungauze mlendo? Alipo anthu amene amafuna timafupa ta ana otere kuti akhwimire malonda. Ndikanadziwa bwanji amene anamutuma mtsikanayo? Amene tinkadziwa za mkuyuwo tinatsala awiri, ndipo mnzangayo masiku ano sadziwa ndi ana ake omwe.

Patapita miyezi kunakhomedwa zikhomo zomangidwa tinsalu tofiira. Ndinazitsata chimodzichimodzi. Zinabwera molunjika kuchokera kumsika, zitafika pafupi ndi dibi zinakhota kuti njerwa za mzungu zisakhudzidwe, ndipo kukhotako kunazitsitsira kumunsi, pa mkuyu penipeni. Pa thunthu pake anapakapo mtanda wofiira. Ndinakhala pansi m'udzu. Giledala ndinaiona ikupala kwina, imasenda nthaka yofika m'bondo ndi mpeni umodzi.

Ndinazula zikhomozo ndi kuziponya m'dibi. Patapita masiku awiri zinali zitabwerera, chilichonse m'bowo lake. Ndinazulanso. Zinabwereranso. Ulendo wachitatu ndinampeza mtsikana uja ali yekha pansi pa mkuyu, pepala lalikulu m'manja, nsapato zake zolemera zili pakati pa mizu iwiri ija.

"Choka apo!"

"Ambuya, kansi ndimwe muzula mapegi anga?"

"Nakuuza choka. Waponda mwana."

Anayang'ana pansi. Panali masamba ouma basi, ndi nkhuyu zowola. Anabwerera m'mbuyo pang'onopang'ono ngati waona njoka, mpaka anatuluka mumthunzi. Pamenepo ndinamuuza zonse, mawu amene sindinauzepo ngakhale malemu amuna anga zaka zonse tinagona nyumba imodzi. 

Anatulutsa pepala lina la mizeremizere.

"Bali bangati?"

"Ndani anawerenga?"

"Maina?"

"Alibe."

Cholembera chinaima m'mwamba nthawi yaitali. Ndinaona dzanja lake lina lili pamimba, kaya mwangozi kaya ayi, sindinafunse.

"Usalembe chimene chili pano," ndinatero. "Lemba kuti ni mtengo wakale."

"Mtengo bazadula, ambuya. Ngati sinilemba zoona sibazanimvera."

Ndinamuyang'ana, ndinayang'ana mtanda wofiira uja. Ndinati lemba.

Sindinayembekeze kanthu, koma zikhomo zinasunthadi. Msewu unakwera pang'ono, unadutsa pakati pa dibi ndi mkuyu, kusiya mkuyu tsidya lina, nyumba yanga tsidya lino. Tsiku limene giledala inapala ndinaima pamenepo kuyambira m'mawa mpaka inapita, kuyang'ana dothi lililonse limene inatembenuza. Phale silinatuluke.

Chimene sanandiuze ndi waya. Anazungulira mkuyu wonse ndi waya wa timaso ting'onoting'ono, naika geti, loko, ndi chikwangwani cholembedwa m'Chizungu ndi m'Chinyanja kuti pano pagona makanda. Kiyi anapita nayo ku ofesi. Malo amene amuna sankawadziwa tsopano amawawerenga ali panjinga. Makondakitala a minibasi amakuwira otsika kuti, "Pa Tiana! Oseluka pa Tiana!" Mwana wanga wamwamuna, wa imvi kale, anabwera nakhala pakhonde, kenaka anati, "Amai, kansi ninali na mukulu wanga?" Ndinamuuza kuti afunse chikwangwani.

Mvula itagwa, udzu unamera m'katimo wofika m'chiuno, poti mbuzi sizilowanso. Loko anachita dzimbiri, kangaude anamanga pageti. Ndinkapita kukaima kunja kwa waya ngati wokaona wodwala pawindo la chipatala. Tsiku lina masana ndinaona kanjira. Kanali kopapatiza ngati chikhatho changa, koponderezeka bwino mpaka dothi kuoneka. Kanayambira pamizu, kanapita pageti, kuchoka apo kanatsata waya kuzungulira mpanda wonse mpaka kubwerera pageti pomwepo.

Mwana wanga anati ndi mbewa. Ine ndakumba mbewa kuyambira ndisanathe msinkhu. Njira ya mbewa ikafika pa waya imapyola, ndipo umapezamo timanyi ndi udzu wodukaduka. Aka sikanapyole paliponse, ndipo munalibe kanthu. Zaka zonse zimene mkuyu unali poyera sindinaonepo njira pansi pake. Ndalera ana asanu ndi adzukulu osawerengeka. Ndidziwa chimene mwana amachita ukamutsekera.

Ndinabwereka pulayala kwa wokonza njinga, ndinamuuza kuti ndi ya khola la nkhuku. Pangodya yoyang'ana kumudzi ndinadula waya pansi ndi kuupinda m'mwamba, kabowo koti munthu wamkulu sangalowetse ndi mutu womwe. Patapita masabata atatu kanjira kozungulira kaja kanayamba kumera udzu. Kenaka wina anabwera, sindidziwa ndani, naluka bowolo ndi waya watsopano wonyezimira. Sabata isanathe kanjira kanabwerera, kozama kuposa kale. Ndinadulanso. Pulayala ndinagula yanga, imakhala m'thumba limodzi ndi buku la nyimbo.

Mtsikana uja sindinamuonenso. Nthawi zina ndimati anandithandiza, nthawi zina ndimati anapeza chimene anatumidwa. Alendo amaima ndi magalimoto pa dibi, amajambula njerwa, amawoloka kudzawerenga chikwangwani nadzitsitsa mawu. Ndimakhala chapatali ndi kuyang'ana manja awo mpaka atapita.

Tsopano kanjira kamatuluka pabowo, kamakwera m'udzu molunjika kwathu, kamathera m'mphepete mwa phula. Tsidya lino ndafufuza mpaka maondo kupweteka, sindinakapeze. Magalimoto pamsewuwu amathamanga kwambiri, ndipo mwa ogona pamkuyu paja palibe amene anaphunzitsidwa kuwoloka. M'mawa uliwonse, ndisanagwire tsache, ndimayamba ndawerama ndi kuyang'ana fumbi la pabwalo langa, kuyambira kugeti mpaka pakhomo.