Zala za Kapusi

Ndinachoka ku Mzuzu chifukwa cha dzina. Masiku amenewo ena ankathawa ulova, ena ankathawa achipani, koma ine ndinathawa dzina loti Chitsinzina. Amene analiyambitsa anali mzungu wokalamba yemwe tonse tinkamutcha Kapusi.

Kapusi anali Mngelezi. Pa unyamata wake anali goloboyi kwawo, nthawi imene osewera ankaloledwa kukugunda ndi phewa n'kukulowetsa m'golo iwe ndi mpira womwe. Atasiya kusewera anayendayenda m'maiko a eni kuphunzitsa mpira, mpaka anadzatsakamira ku Mzuzu n'kukwatira mayi wa ku Nkhata Bay. Kapusi yake sankaivula, kaya dzuwa kaya mvula, ndipo zala zake zinali zokhotakhota ngati chinangwa cha pamiyala.

Munthu uja anali wankhanza, ndisaname. Ankandiimika pakhoma la sitolo ku Chibanja, n'kuviika mpira wachikopa m'ndowa kuti ulemere, kenako n'kuumenya molunjika kumaso kwanga. Ndikaphethira, ankabwereza. Ndinkapirira poti golo ya timu yathu ndinkaifuna kuposa chilichonse. Ndiye Loweruka lina tikusewera ndi alendo, kamvula ka ku Mzuzu kaja kakuwaza, wosewera wawo anandithamangira ngati ng'ombe, ine n'kutseka maso. Mpira unadutsa pakati pa miyendo. Kapusi anakuwa m'Chichewa chake chothyokathyoka, bwalo lonse likumva: "Iwe tsinzina! Goloboyi iyayi, wamantha!"

Basi, zinathera pomwepo. Pofika Lolemba ndinali Chitsinzina pamsika, padepoti, ngakhale pakhomo la tchalitchi. Mtsikana amene ndinkamufunsira anaseka mpaka kugwira m'mimba. Ndinauza amama kuti ndikupita ku migodi ya ku Zambia, ndipo ndidzabwera tsiku loti mzungu uja ameze mawu ake. Achimwene anga a Wongani anandiperekeza padepoti. Basi ikunyamuka anakuwa kuti, "Ukatsegule maso panjirapo, ungapitirire!" Anthu onse m'basi anaseka.

Ku mgodi ndinkakankha ngolo mkati mwa sabata, Lamlungu n'kuima pagolo ya timu ya pakomboni. Kumeneko Chitsinzina sankamudziwa. Ndinali Munyasa chabe, wotukwanidwa tikagonja, woiwalika tikapambana. Ndinkadzigwetsa pamapazi a anthu ngati wamisala. Mphuno inathyoka, zala zinathyoka chimodzichimodzi, ndipo chilichonse chikathyoka ndinkati mumtima, "Kapusi, waona?" Pochoka kubwalo anzanga ankapita kwa akazi awo, ine ndinkaviika manja m'madzi amchere ndili ndekha m'kachipinda, wopanda wondifunsa kuti zikupweteka bwanji.

Ndalama ndinkatumiza, mabulangete ndinkatumiza, ngakhale chithunzi changa nditavala juzi ya pagolo. Uthenga wobwera ndi anthu apaulendo unali umodzimodzi: amama ali bwino, malata agulidwa, ndipo a Wongani akufunsa ngati Chitsinzina akugwira mpira kapena mpira ukumugwira iye. Ndinkafuna kuphwanya china chake.

Zala zitauma ndinayamba kuphunzitsa anyamata a pakomboni. Mukudziwa chimene ndinachita? Ndinagula ndowa. Ndinkawaimika pakhoma n'kuwamenya ndi mpira wonyowa, iwo n'kumanditukwana m'Chibemba kuti mlendo uyu abwerere kwawo. Zinkandinyansa kuti ndikuyenda m'mapazi a munthu amene ndinkamuda, koma njira ina sindinkaidziwa.

Nditamva kuti Kapusi wadwalika, chisoni sichinandigwire. Ndinachita mantha kuti afa mawu aja asanawameze. Ndinalongedza sutikesi.

Padepoti ya Mzuzu anandilandira ndi anyamata a chipani. Anafuna khadi la chipani, ine ndinalibe. Atamva kuti ndikuchokera ku Zambia nkhope zawo zinasintha, poti nthawi imeneyo wochokera uko ankamuyesa chigawenga. Wina anali atagwira kale kolala yanga pamene bambo wogulitsa nthochi anakuwa kuti, "Asiyeni awo! Ndi a Chitsinzina a ku Chibanja, aja mpira unawadutsa m'miyendo!" Anyamata aja anaphulika kuseka n'kundisiya. Bola akanandimenya mbama.

Sindinapite kaye kunyumba. Ndinalunjika ku Lupaso kumene Kapusi ankakhala. Mkazi wake anandilonjera, "Monile, adada," n'kundilozera pakhonde. Kapusi anali pampando, atafunda bulangete, kapusi ili pamutu. Maso ake anali atachita ng'ala, mbuu. Zaka zonse zija ndinkathyola zala kuti adzazione, ndipo ndinapeza munthu wosaona.

"Bwana, ndine Kondwani, goloboyi wanu uja munamutcha wamantha," ndinatero. "Gwirani apa."

Ndinamuika manja anga pamiyendo. Anafufuza chala chilichonse pang'onopang'ono, kenako anaseka kaphwete kouma.

"Chala amathyoka goloboyi akaona mpira mochedwa. Iwe tsinzinabe."

Ndinagwira dzanja lake mwamphamvu n'kulikweza. "Nanga zanuzi zinakhota ndi chiyani? Mapemphero?"

Mkazi wake anatulukira pakhomo, koma iye anamubweza ndi dzanja.

"Iwe ganiza ine nakhala Mzuzu chifukwa ya mvula?" anatero. Anandiuza kuti nayenso anatseka maso tsiku lina, pamaso pa khamu la kwawo. Anthu anamupatsa dzina, ana ankaliimba pamsewu, ndipo anakwera sitima osabwereranso. Ndinamufunsa kuti dzinalo linali loti chiyani, koma anakana kulitchula.

"Ndiye munaona kuti chabwino n'kudzandisenzetsa ine?" ndinafunsa.

"Ine nanena kamodzi," anayankha. "Kamodzi basi."

Sanapepese, ine sindinamukhululukire. Ndinangothokoza mkazi wake kuti "Yewo" n'kunyamula sutikesi. Koma mawu akewo anandisautsa njira yonse, poti anali oona. Iye anazinena kamodzi, atapsa mtima, mvula ikugwa. Ozitola, ozisunga, ozithirira zaka zonsezi anali anthu akwathu.

Ku Chibanja ndinapeza nyumba yamalata, malata a thukuta langa. A Wongani anatuluka akumwetulira, n'kuitana mwana wawo wamkazi amene anabadwa ine ndili kunja.

"Lusungu, bwera udzalonjere adada ako aang'ono. Ukuwadziwa dzina?"

Mwana uja anagwada mwaulemu wonse, manja pamodzi, n'kunena mokweza ngati wophunzitsidwa bwino, "Monile, adada a Chitsinzina."

A Wongani anaseka mpaka kutsokomola. Mwanayo sanaseke, poti dzina langa lina anali asanalimvepo.