Burashi ya Amalume Osameta Ndevu

Ndinali ndi zaka khumi pamene amalume a Mikaeli anatsika sitima ku Chipyela atanyamula injini ya boti, kachikwama kamodzi, ndi ndevu zofika pachifuwa. Ku Joni anapita awiri ndi bambo anga, alamu awo. Bambo anadwala chifuwa n'kumwalira komweko, ndipo anaikidwa komweko. Tsiku limene amalume anafika kwathu ku Yofu, amayi sanadikire n'komwe kuti mlongo wawoyo amwe madzi. Anawauza kuti popeza anakwanitsa kusenza chitsulo cholemera chotero koma n'kusiya mtembo wa mlamu wawo kuchilendo, za ku Joni asadzazitchulenso pakhomo pathu. Amalume anangowerama. Anali munthu woti ukamuuza kuti akhale chete, amakhaladi chete mpaka iwe wemwe utope.

Amayi anawapatsa kanyumba ka kuseri, ndipo m'menemo ndi mmene munachokera nkhani. Loweruka lililonse m'mawa amalume ankatulutsa kanthu m'kachitini koboolaboola. Kanali ndi chogwirira chamtengo chonenepa ngati dzira la bakha, ndi ubweya wotuwa kunsonga, wakuda pakati. Ankafunditsa madzi n'kuwayesa ndi kuseri kwa dzanja monga amachitira mayi posambitsa khanda. Ankakapaka sopo pang'ono, n'kumakazunguza pachikhatho mpaka thovu litadzaza, kenako n'kukatsukuluza mpaka madzi ayere. Masiku ena ankafinyiramo ndimu m'madzimo. Sankakapotokola ayi, ankangokafinya pang'ono ndi zala, n'kukakutumula, n'kukasisita pansalu youma. Pomaliza ankakamangirira ndi ulusi wa ukonde pakhonde, pamthunzi, ubweya utaloza pansi, ndipo kankalendewera pomwepo mpaka kuuma.

Woyamba kulankhula anali amake Esnati, oyandikana nafe, amene maso awo sankaphonya ngakhale nkhuku yolowa m'khitchini ya eni. Anafunsa amayi kuti chinthu chosambitsidwa ngati mwana n'kupachikidwa chadodolido chimenechi n'chiyani. A Barnaba, mkulu wina amene anagwirapo ntchito ku Zimbabwe, anaseka n'kunena kuti imeneyo ndi burashi yopakira thovu pometa ndevu, azibambo ambiri ankabwera nazo kale. Amake Esnati sanachedwe kuyankha.

"Yometera? Nanga ndevu zawozo ameta liti?"

Kunena zoona funsolo linatilasa tonse. Amalume sankakhudza lezala. Chikhalirecho boti lawo linkabwera ndi usipa pamene ena akubwera ndi madzi okhaokha. Anthu anayamba kuwerengera okha: anapita awiri, wabwera mmodzi, wabwera ndi injini, ndipo ali ndi kanthu kaubweya kamene amakasamala kuposa thupi lake. Mawu oti kukhwima anayamba kumveka kuchigayo ndi kumadzi. Ena anafika ponena kuti ubweyawo ndi tsitsi la bambo anga.

Ine ndinakhulupirira, ndisaname. Ndinasiya kudya nsomba za boti lawo, ndipo podutsa pakhondepo ndinkatseka mpweya. Mlongo wanga Marita atadwala malungo, amayi anandituma kuti ndikawafunse amalume mochenjera za kanthu kaja, poti mwana sakayikiridwa. Ndinapita n'kuwafunsa. Amalume anandiuza kuti ubweyawo ndi wa kanyama ka kutali kofanana ndi chiuli. Nditafunsa chifukwa chimene ankakatsukira pamene sameta, anandiyang'ana, n'kuyang'ananso kunyumba kwa amayi, kenako anati ndidzadziwa ndikakula. Ndinathamanga kukafotokozera amayi ndi amake Esnati zonse monga ndinamvera. Mawu oti chiuli atangotuluka, amake Esnati anawomba m'manja n'kunena kuti palibe Mkhristu amene amasunga ubweya wa chiuli m'chitini. Amayi anati kanthuko akawononga okha, ndipo mwiniwakeyo achoke pakhomo asanatimalize tonse.

Loweruka lotsatira amalume anatsuka burashi yawo, n'kuipachika, n'kupita kukasoka maukonde. Amayi anawiritsa madzi mumphika wakale, anathiramo mchere wodzaza dzanja, anadula ulusi uja ndi mpeni, ndipo anaikankhira mumphikamo ndi kamtengo kuti asaikhudze. Tinaimirira chapatali kudikira kuti mwina ilira kapena iphulika. Sinachite chilichonse. Guluu wogwira ubweya anangosungunuka, ubweya n'kuyamba kuyandama umodziumodzi, mumphika monse mbuu. Amake Esnati anati taonani, chafa.

Amalume atabwera masana anapeza mphika uli pakati pa bwalo, katundu wawo ali panja. Sanayang'ane katunduyo. Anagwada, anapisa dzanja m'madzi, anatulutsa chogwirira chopanda kanthu, n'kuyamba kutola ubweya ndi zala ngati angaubwezeretse. Sindinaonepo munthu wamkulu akulira chomwecho, opanda mawu, misozi ikungolowa m'ndevu.

"Achemwali, madzi otentha ndi amene ndakhala ndikuipewetsa nthawi yonseyi," anatero. "Sinali yanga. Inali ya alamu."

Amayi anafunsa mwaukali chifukwa chimene sananenere. Amalume anawakumbutsa mawu awo a tsiku lija oletsa kutchula za ku Joni. Kenako anafotokoza, ndipo palibe anawadula. Bambo anaigula ndi malipiro awo oyamba. Atafooka m'chipatala moti sankatha kukweza mkono, amalume ndi amene ankawameta nayo, chifukwa bambo sankafuna kuoneka ngati munthu wotayidwa. Chiwametereni bambo komaliza, dzanja la amalume linakana kugwiranso lezala, n'chifukwa chake ndevu zija. Burashi yaubweya ikangokhala m'chitini imachita chuku, njenjete n'kuidya, choncho ankaitsuka kuti ikhale yamoyo. Ankaipachika chozondoka kuti madzi asatsikire kuguluu.

Atatero anatembenukira kwa ine, n'kundiika chogwiriracho m'manja chikadali chofunda.

"Bambo ako anati ndidzakupatse ukadzamera ndevu. Pepa, mphwanga, ndakupatsa msanga."

Amake Esnati anakumbukira mwadzidzidzi kuti anasiya chinangwa padzuwa. Amayi anakhala pansi pomwepo pafumbi. Patapita nthawi anadzuka, ananyamula katundu wa mlongo wawo n'kumubwezera m'kanyumba kaja okha, osalola wina kuwathandiza. Marita anachira ndi mankhwala a kuchipatala. Anthu ena sanasiye kunong'ona, poti pakamwa pa munthu sipatsekeka ndi umboni, koma amalume anakhala nafe mpaka imfa yawo.

Chimene chimandipwetekabe n'chakuti pa zonse tinaona panalibe bodza ngakhale limodzi. Ankaitsukadi, ankaipachikadi chozondoka, sankametadi. Tinafunsa amake Esnati, tinafunsa a Barnaba, tinatuma mwana kukazonda, koma munthu mmodzi yekha amene ankadziwa tinali titamutseka pakamwa tsiku loyamba. Lero ndikamva anthu akugwirizana msanga za mnzawo, ndimayamba ndafunsa ngati mwiniwakeyo wapatsidwa mpata wolankhula.

Ndevu zinamera ndili kusekondale. Ndinadzagula burashi yanga m'tauni, ndipo ndimaitsuka ndi madzi ofunda n'kuipachika chozondoka monga ndinaonera pakhonde lija. Pambali pake pamakhala chogwirira cha bambo anga. Ana anga akafunsa kuti kamtengo kadazi kameneka n'kachiyani, sindiwauza kuti adzadziwa akakula. Ndimawakhazika pansi nthawi yomweyo.